Guangzhou: Kumene Chizungu Chili Bwino Papepa Koma Chikana Kuchoka Pakamwa

Ngati muli pagulu la aja osunga tundalama kuti tsiku lina mukaode katundu ku China, dzina la Guangzhou mulidziwa kale. Mafoni a pa Town Centre, nsapato za ku Kamwala, mawigi, ma solar, matailosi: zambili zimadutsila mumzinda uyu zikalibe kufika pa Nakonde olo pa Chirundu. Koma lelo za mitengo ya kontena tiziike pambali. Tiyeni tiyende mumzinda uyu na makutu, timvele Chizungu chamene anthu akumeneko akamba, tione futi mwamene amachiphunzilila.

Nkhani iyi itikhudza. Kuno kwathu tinazolowela kuseka bwana wa Chichaina akakamba ati "You tomorrow come early." Timamuyeselela mu basi, pa bawa, ngakhale pa maliro. Koma ngati munthu uyo anapitako ku koleji kwao, mupatseni pepa ya Chizungu ya mapeji 5 muone. Kambili azaiwelenga mpaka pansi, na kupeza kamzele kamene ise oseka tinalumpha. Chamene chimachititsa zimenezi muzachiona mukayenda mu Guangzhou.

Kufika

Kuchoka pa Kenneth Kaunda International Airport, ambili amadzela ku Addis Ababa, ena ku Dubai olo ku Doha, ndipo mumatela pa bwalo la Baiyun. Wochi yanu muipititse kutsogolo na maola 6. Ngati ni pakati pa May na September, kutentha kwake ni kwa chinyontho, malaya amamatila pamsana mukalibe na kufika pamsewu. Kalembela wa 2020 anapeza anthu opitilila 18 miliyoni mumzinda umodzi uyu. Zambia yonse mu 2022 tinali 19.6 miliyoni. Manje ganizani dziko lathu lonse, kuyambila ku Mbala mpaka ku Livingstone, litaunjikana pamalo amodzi.

Pansi pa bwalo la ndeke pali sitima ya pansi panthaka, Line 3, yamene izakuloweletsani mutauni. Tchelani khutu sitima ikayandikila siteshoni. Mau amabwela katatu: poyamba mu Mandarin, chinenelo cha boma na masukulu, kachiwili mu Cantonese, chinenelo cha eni dela, kothela mu Chizungu. Apa mwaphunzila kale chinthu chimodzi. Mwana wa mu Guangzhou ali monga mwana wa ku Chawama: kunyumba akamba china, kusukulu china, Chizungu chibwela pamwamba pa zonse. Kusiyana ni kwakuti ise masamu, sayansi na histole timaziphunzila mu Chizungu, nyuzi timamvela mu Chizungu, fomu ya ku chipatala ni ya Chizungu. Iye Chizungu amakumana nacho mu piliyodi yake chabe. Belu ikalila, chasila.

Xiaobei: kumene kakyuleta ndiye womasulila

Mukasintha sitima na kukwela Line 5, seluka pa siteshoni ya Xiaobei. Apa ndiye pamene amalonda a ku Africa akhala akukumana kuyambila kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pali chinyumba chitali cha Tianxiu chodzala na tumashopu na maofesi otumiza katundu. Mutumisewu twa kumbuyo muzamva fungo la nyama yowotcha ya Asilamu a kumadzulo kwa China, muzamva Chifalansa cha ku Mali na ku Congo, Chiswahili, Chiarabu, na Chizungu cha ku Nigeria. Anthu akuda anachepako poyelekeza na kale, maka-maka pambuyo pa April 2020, pamene ambili anachotsedwa m'nyumba za lendi na m'mahotela panthawi ya Covid, mpaka akazembe a maiko a mu Africa anadandaula ku boma la China. Koma malonda akali kuyenda.

Lowani mushopu imodzi mufunse mtengo. Mtsikana wogulitsa azakuyankhani na mau atatu olo anayi, "How many you want?", kenaka azatenga kakyuleta, alembe nambala, akupatseni. Imwe mufafaniza, mulemba yanu. Osaona monga ni mwano. Pali zifukwa ziwili. Choyamba, "fifteen" na "fifty" zimamveka chimodzimodzi m'makutu mwake, ndipo pa katoni 200 kusiyana uko ni ndalama ya lendi ya chaka. Chachiwili, Machaina manambala akuluakulu amawelenga m'magulu a 10,000, amene amawaitana wan. Yamene ise tikuti 100,000 kwa iye ni ma wan 10. Kuti aikambe mu Chizungu afunika kuiphwanya m'mutu na kuimanganso, ndipo ziro imodzi ingathe kugwa panjila. Kakyuleta siinama.

Chifukwa chake akamba mwamene akambila

Khalani pa kashopu ka tiyi, muitanitse cheung fun, tumikate twa mpunga tofewa twamene amathila soya, mumvele anthu. Muzaona kuti zolakwa zao n'zofanana, munthu uyu na uja. Ni galamala ya Chichaina yovala malaya a Chizungu.

Yambani na nthawi. Ise tikuti ninapita, napita, nipita, nizapita. Verb yathu imasintha, ndiye pamene aphunzitsi anatiuza za go, went na gone sitinadabwe kwambili. Mu Chichaina verb siisintha olo pang'ono. Liu lakuti qu, kupita, likhala qu dzulo, lelo na mailo. Nthawi amaionetsa na liu monga zuotian, dzulo, olo mingtian, mailo, na tumau tung'ono monga le toonetsa kuti chinthu chachitika. Ndiye "Yesterday I go factory" kwa iye ni chiganizo chokwana. Wakamba kale kuti dzulo, nanga went ni ya chani futi? Ngakhale malo a liu la nthawi ni a kwao: limabwela verb ikalibe kufika, ndiye mumamva "You tomorrow come."

Chimodzimodzi na kuchuluka kwa zinthu. Ise tili na munthu na anthu, chinthu na zinthu. Kwao buku imodzi na mabuku 10 liu ni limodzi, nambala ndiye ikamba zonse. Ka s kothela kamagwa: "three carton", "two container". Amakambanso "open the light" chifukwa liu lao lakuti kai ligwila nchito potsegula chitseko, poyatsa laiti, na poyendetsa motoka. Amakamba "although" na "but" m'chiganizo chimodzi chifukwa m'chinenelo chao mau awili awa amayenda pamodzi monga mapasa. "I very like" nayo ni mau a kwao atatu oikidwa mumzele wao.

Manje apa ndiye pofunika kuleka kuseka, chifukwa zolakwa zina ni zathu zomwe. Mu Mandarin, mwamuna na mkazi onse ni ta pokamba, kusiyana kuli polemba chabe. Ndiye azakuuzani za mkazi wake ati "he is a nurse." Nanga ise? Tikuti iye, anabwela, sitisankha mwamuna olo mkazi, ndipo mwamvapo kangati munthu ku komboni akuti "my mother, he is sick"? Tumau a na the mulibe mu Chichaina, mulibenso mu Chinyanja, ndipo tonse timatumwaza monga mchele, pena tochuluka pena kulibiletu. Mufunseni ati "You are not coming?" azayankha "Yes", kutanthauza kuti ee, sinibwela, ndendende mwamene ise tiyankhila, ndipo mzungu amasokonezeka na tonse awili.

Ngakhale lilime lathu n'lapachibale. Ise sitikonda liu lothela pa konsonanti, ndiye school tinaipanga sukulu, store tinaipanga sitolo. Mu Cantonese, bus ni basi, monga kwathu. Store ni sido. Taxi ni diksi. Ise timalimbana na l na r, anthu ambili a kumwela kwa China amalimbana na n na l. Akuluakulu anakamba kale ati anyani amasekana zikundu.

Shisanhang na Shamian: kumene zinayambila

Tsiku lachiwili ukani m'mamawa mupite ku Liwan, pamsewu wa Shisanhang. Lelo ni msika waukulu wa zovala za azimai, piringupiringu wa mawilibala na mabelo, ndipo ukafika masana ambili ayamba kale kutseka. Dzina ili litanthauza nyumba 13 za malonda. Kuyambila 1757 mpaka 1842, mfumu ya China inalamula kuti azungu obwela pa nyanja azichita malonda padoko limodzi chabe, lino, lamene iwo anali kuitana Canton. Anali kukhala pakamalo kang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Pearl, kugula tiyi, silika na mbale zadothi. Kuphunzitsa mlendo Chichaina kunali koletsedwa. Nanga malonda ayende bwanji?

Ogulitsa, onyamula katundu na anchito a m'nyumba anapanga Chizungu chaochao: mau a Chizungu ochepa, kuwayala pa galamala ya Chichaina. Kunali tumabuku tochipa mwamene liu la Chizungu analilemba na zilembo za Chichaina zomveka mofananako, munthu n'kuloweza. Akatswili ambili akuti liu lakuti pidgin linabadwila kuno, kuchokela ku mwamene anthu anali kutchulila business. Ndiye mtsikana wa kakyuleta ku Xiaobei sanayambe zachilendo. Anthu a mumzinda uyu akhala akugulitsa na Chizungu chodukaduka kwa zaka zopitilila 200, ndipo ndalama sinakanepo kulowa.

Nyumba 13 zija zinapsa mu 1856. Yendani pansi mphindi zochepa kumadzulo, muoloke kamlatho, mufike pa Shamian, kachisumbu kamene Britain na France anatenga pambuyo pake. Phokoso lonse limathela pamlatho. Kuli mitengo ikuluikulu ya mthunzi, nyumba zakale za azungu, matchalichi, na akwati ojambulitsa zithunzi. Khalani pabenchi mukumbukile munthu wina dzina lake Robert Morrison, mmishonale wa ku Britain amene anafika mu Canton mu 1807. Anaphunzila Chichaina mobisa, anapanga dikishonale ya Chichaina na Chizungu, ndipo mu 1823 anatulutsa buku ya galamala ya Chizungu yolembela ophunzila a Chichaina. Kuchokela nthawi imeneyo njila zakhala ziwili: Chizungu cha pamsika, chamene chikamba kopanda malamulo, na Chizungu cha m'buku, chodziwa malamulo koma chamanyazi.

Tianhe: sitolo ya mabuku na mayeso oopsa

Kuti muone njila yachiwili, bwelelani pa sitima museluke pa Tiyu Xilu, ku Tianhe, dela la nyumba zagalasi na mamolo. Pamsewu wa Tianhe pali Guangzhou Book Centre, sitolo ya mabuku ya nsanjika zingapo yamene inatsegulidwa mu 1994. Kwelani kumene kuli mabuku a sukulu. Muzapeza mashelufu na mashelufu a Chizungu chabe: galamala, mau oloweza, mapepa a mayeso akale. Muzaona New Concept English, mabuku 4 amene L. G. Alexander analemba mu 1967, amene anakonzedwanso mu 1997 kaamba ka ophunzila a ku China, ndipo mpaka lelo ana amaloweza nkhani zake pamtima. Muzaonanso chibuku chonenepa chamene dzina lake litanthauza zaka 5 za mayeso enieni na zaka 3 za mayeso oyeselela. Makolo amene anaphunzila m'zaka za m'ma 1990 akali kukumbukila Li Lei na Han Meimei, ana a m'mabuku ao a Chizungu, monga mwamene akuluakulu kuno akumbukila Jelita na Mulenga.

Zonsezi zili na cholinga chimodzi: gaokao, mayeso olowela ku yunivesiti, amene amayamba pa 7 June chaka chilichonse. Mu 2024 analembetsa ana 13.42 miliyoni. M'zigawo zambili mamaki onse ni 750, ndipo chinenelo chakunja, chamene kwa ambili ni Chizungu, chitenga 150, kulingana na masamu, kulingananso na Chichaina chenicheni. Masiku a mayeso apolisi amaletsa mahutala pafupi na masukulu, omanga nyumba amaimitsa makina, azimai amaima pageti tsiku lonse. Maki imodzi ingasankhe ngati mwana apita ku yunivesiti yapamwamba olo kufakitale. Kuyambila 2001 boma linalamula kuti Chizungu chiziyambila mu Grade 3, ndiye pofika tsiku ilo mwana wachiphunzila zaka 10. Akalowa ku koleji apezanso ena mayeso, CET-4, amene anayamba mu 1987, ndipo olemba nchito ambili amafunsa pepa yake.

Tsegulani pepa imodzi yakale muone mwamene ilili. Pali nkhani 4 zowelenga, iliyonse na mafunso osankha yankho. Pali nkhani ina yamene anachotsamo ziganizo 5, n'kukupatsa 7 kuti usankhe zoyenela kubwezela, kutanthauza kuti ziwili ni misampha. Pali nkhani ya mipata yofunika kuikamo liu loyenela, na ina yamene akupatsa verb kuti uisinthe ikhale mu tense yoyenela. Kothela ulemba kalata, ndipo pafupifupi chaka chilichonse umauzidwa kuti ndiwe Li Hua, mwana wasukulu wongopeka amene wakhala akulembela anzake akunja makalata kwa zaka zambili osamaliza sukulu. Ana a ku China amamuseka Li Hua pa intaneti monga m'bale wao waulesi. Koma onani bwino: mamaki ambili ali pa kuwelenga na galamala. Chamene mayeso afuna ndiye chamene mwana amanola.

Kale pambuyo pa sukulu ana anali kuthamangila ku ma tuition. Kampani ya New Oriental, yamene Yu Minhong anayambitsa mu 1993, inalemela na Chizungu. Mu July 2021 boma linaletsa ma tuition a bizinesi pa maphunzilo akuluakulu a ana a pulaimale na junior secondary, ati ana alema ndipo makolo asauka. Aphunzitsi ambili nchito inasila. Ena a New Oriental anayamba kugulitsa mpunga na nyama pa intaneti, uku agulitsa uku aphunzitsa mau a Chizungu, ndipo mu 2022 anatchuka dziko lonse. Koma gaokao ikalipo, mashelufu aja akali odzala.

Laibulale: mwamene amaphwanyila chiganizo

Kuchoka apo pitani ku Zhujiang New Town, pabwalo la Huacheng. Kutsidya kwa mtsinje muzaona Canton Tower, nsanja ya mamita 600 yamene inatsegulidwa mu 2010. Pambali pa bwalo pali Guangzhou Library, nyumba yooneka monga mabuku osanjikizana, yamene inatsegulidwa mu 2013. Kulowa ni mahala. Pa Sabata m'mawa anthu amaima pamzele chitseko chikalibe kutsegulidwa, kulimbilana mipando monga ise pa basi ya ku Kanyama 17 koloko.

Yendani pang'onopang'ono pakati pa matebulo muone mapepa a ana a sukulu. Nkhani ya Chizungu imakhala yolembedwalembedwa na mapeni amitundu. Apa pali luso lamene ise tingabe.

Vuto lao lalikulu ni chiganizo chitali. Mu Chichaina, mau onse ofotokoza chinthu amabwela kutsogolo kwake. Kumene ise tikuti munthu amene anabwela dzulo, iwo amayamba na anabwela dzulo, munthu abwela kothela. Chizungu chili monga Chinyanja apa: chimatchula chinthu, kenaka n'kukoka mchila wa which, that na who, mchila wina pamwamba pa unzake, mpaka mizele inayi. Kwa Mchaina izi n'zozondoka. Ndiye aphunzitsi ao anapanga njila. Choyamba, peza verb yaikulu ya chiganizo chonse, uike mzele pansi. Chachiwili, funsa kuti wachita zimenezi ndani. Chachitatu, michila yonse uitsekele pambali, uwelenge mafupa okhaokha. Ukamva mafupa, bwezela nyama imodziimodzi.

Chinanso, amazinga tumau tokhotetsa nkhani: however, but, unless, except, although, instead. Amaphunzitsidwa kuti maganizo enieni a wolemba kambili amabisala kumbuyo kwa but, ndipo funso limachokela pamenepo. Amawelenga mafunso poyamba, nkhani pambuyo. Yankho iliyonse afunika kuloza mzele wamene yachokela. Yankho yomveka bwino koma yosapezeka m'nkhani ni msampha, olo ikhale yoona kunja kuno. Yankho ya mau monga always na never amaikaikila. Liu lachilendo sathamangila foni, amayamba aliphwanya: un kutsogolo, able kumbuyo, pakati patsala chani?

Ndipo pafupifupi mwana aliyense ali na kabuku kamene amakaitana cuotiben, kabuku ka zolakwa. Funso iliyonse yamene analakwa amaikopela mmenemo, pansi pake yankho yoyenela, pansi pakenso chifukwa chamene analakwila. Mayeso akayandikila sawelenga buku yonse, awelenga zolakwa zake chabe. M'mawa kusukulu, maphunzilo akalibe kuyamba, kalasi yonse imawelenga mokweza kwa mphindi 20 olo 30, aliyense na ndime yake, phokoso monga pa City Market. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiye chuma chao.

Chizungu chosalankhula

Manje yesani kupatsa moni mmodzi wa ana aja panja pa laibulale. Wina azakuyankhani bwinobwino na Chizungu cha mu mafilimu a ku America, chifukwa achinyamata otelo aliko ambili masiku ano. Koma wina, amene mwamuona akuphwanya chiganizo cha mizele inayi, azafiila, aseke, ayang'ane pansi. Eni ake ali na dzina la matenda aya: yaba yingyu, Chizungu cha munthu wosalankhula. M'mutu mwake muli mau opitilila 3,000 na malamulo onse, koma pamene afuna kutsegula pakamwa amayamba kufunsa: ni has olo have? Ni a olo the? Pofika popeza yankho imwe mwapita kale. Kuonjezela apo, kulakwa pagulu kwao ni chinthu chochititsa manyazi kwambili.

Akhala akulimbana nazo. M'zaka za m'ma 1990 munthu wina dzina lake Li Yang anatchuka na njila yamene anaitcha Crazy English: kusonkhanitsa anthu masauzande m'mabwalo a mpila kuti azikuwa ziganizo za Chizungu na mphamvu zonse mpaka manyazi athawe. Chigawo cha Guangdong, mwamene muli Guangzhou, chinaika mayeso omvela na kulankhula pa kompyuta monga mbali ya gaokao. M'mayunivesiti na m'mapaki muli zamene amaitana English Corner: madzulo ena pa wiki anthu osadziwana amakumana pakona imodzi kuti akambe Chizungu chabe. Mukapezekapo imwe wa ku Zambia, muzazingidwa. Azakufunsani kumene muchokela, ngati mumadya na tumitengo, chifukwa chake mukamba Chizungu bwino. Muziwauza kuti kwathu ndiye chinenelo cha boma. Ambili sadziwa. Kambani pang'onopang'ono, musawadule mau, ndipo muzapeza mnzanu wokuthandizani kuwelenga ma adilesi a mafakitale.

Zonyamula pobwela

Ise vuto lathu ni lozondoka. Mnyamata wa ku Matero angakambe Chizungu cha pa wailesi, slang yonse ya ku America ili pakamwa, koma Paper 2 ya Grade 12, ija ya ma rewrite, comprehension na summary, imamugwetsa, ndipo chaka chotsatila ali pamzele wa GCE kufuna credit ya English kuti alowe ku nursing olo ku uphunzitsi. Timamva Chizungu na khutu, ndiye timaganiza kuti tachidziwa. Tikapatsidwa pepa timathamangitsa maso, tagwila mau awili atatu, basi tayankha za m'mutu mwathu.

Ngati mulemba mayeso chaka chino, gulani kabuku ka mapeji 40 mukapange cuotiben yanu. Tengani nyuzipepa, musankhe chiganizo chitali kupambana zonse, mupeze verb yaikulu na mwini wake. Chitani chimodzi patsiku. Zingani but na unless paliponse pamene mwazipeza.

Ngati mupita kukaoda katundu, kumbukilani kuti mnzanu uja ni wamphamvu papepa kupambana pakamwa. WhatsApp, Facebook na Google sizigwila nchito kumeneko, ikani WeChat mukalibe kunyamuka. Chilichonse chamene mwagwilizana pakamwa, chilembeni: ziganizo zifupi, chinthu chimodzi pamzele umodzi, manambala m'madijiti, mtundu na saizi. Osalemba "next Friday", lembani deti, ndipo dziwani kuti iwo amayamba na chaka, kenaka mwezi, kothela tsiku. Osafunsa funso lokhala na not mkati, chifukwa yes wake na yes wanu angasiyane. Akayankha "OK, OK" mwamsanga, mupempheni alembe chamene wamva. Safunsa anadya phula.

Ndipo invoice ikabwela, olo kontilakiti ya nchito kuno kwathu pa kampani iliyonse, ya Mchaina, ya mzungu olo ya m'Zambia mnzanu, khalani pansi na peni monga mwana wa mu laibulale ija. Pezani verb. Funsani kuti wolipila ndani, wotaya ndani. Funani excluding, unless na non-refundable, chifukwa ndalama yanu ili kumbuyo kwa tumau tumeneto. Mukamaliza, ndiye musaine.